Chida Chikakuyankhani, Musafulumire Kukhulupirira

Ana anga, inu amene mwangotuluka kumene ku MUBAS, ku Soche, ku Nasawa ndi m'makoleji ena a ntchito zamanja, ndipo mwayamba kugwira zida zoyezera zamagetsi, senderani kuno ndikutsineni khutu. Ntchito imene ife tinkagwira ndi pensulo ndi kope, maso ali pa singano ya mita, inu mukuigwira ndi laputopu. Mumalumikiza chingwe, n'kulemba mizere ingapo ya Python, basi chida chayamba kuwerenga chokha inu muli ku nkhomaliro. Ine zimenezi zimandikondweretsa, ndipo musaganize kuti ndabwera kudzalira za kale.

Amene adayezapo batire la sola akundimvetsa. Batire lolembedwa 100 Ah, kuti mutsimikize kuti likusungadi moto wochuluka chotero, mumalikoka ma amp 5 kwa maola 20 mpaka litatsika kufika mavolti 10.5. Ndani angakhale tcheru maola 20 akulemba nambala mphindi iliyonse? Pakati pa usiku tulo tafika, m'kope mwatsala mpata, ndipo kukacha mtima umamunyenga munthu kuti adzaze mpatawo ndi manambala a m'mutu. Kompyuta ilibe tulo. Ikhoza kufunsa mita sekondi iliyonse mpaka tambala kulira, osadumpha mzere.

Koma kompyutayo ilibenso manyazi. Chilichonse chimene chabwera pa chingwe imalemba, chanzeru ndi chopusa chomwe, m'mizere yowongoka bwino yooneka yaulemu. Ndipo lipoti likamapita kwa mwini batire, kapena kwa bwana amene akufuna kugulira zipatala za kumidzi mabatire ambirimbiri, pansi pake sipasainidwa dzina la kompyuta. Pasainidwa lanu. Zonse zimene ndinene pano zatsamira pamenepo.

Musanalembe mzere ngakhale umodzi wa pulogalamu, yezani kaye ndi manja. Dinani mabatani a kutsogolo kwa chidacho nokha, sankhani range nokha, onani nambala ndi maso anu, muilembe papepala. Kenako iuzeni kompyuta ichite zomwezo, muone ngati zikugwirizana. Munthu wosadziwa nambala imene akuyembekezera sangaizindikire yolakwika ikafika. Ndiponso pulogalamu yokonzedwa kuti iyende usiku wonse iyambe yayenda mphindi khumi inu mutakhala pomwepo, diso limodzi pa sikirini ya chida, lina pa fayilo.

M'malabu ambiri mudzapeza zida zakale zokhala ndi soketi yotambalala kumbuyo, ya mapini 24. Chingwe chake n'chonenepa, chosapindika msanga, chili ndi zomangira ziwiri zopotokola ndi zala, ndipo pulagi yake ili ndi nkhope ziwiri, moti ina imaberekeka pamsana pa inzake. Imeneyo ndiyo GPIB. Adaiyambitsa ndi a Hewlett-Packard kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, akuitcha HP-IB, ndipo mu 1975 bungwe la IEEE lidaikhazikitsa kuti ikhale ya onse, pa dzina la IEEE 488. Musainyoze poona imvi zake. Kampani ija idabala Agilent mu 1999, Agilent nayo n'kubala Keysight mu 2014, koma soketi ija mudzaipezabe kumbuyo kwa zida zambiri zodula.

Kayendedwe kake n'kofanana ndi bwalo la kwa amfumu. Pali mmodzi wogawa mpata wolankhula, ameneyo ndiye kompyuta. Wolankhula amakhala mmodzi pa nthawi, omvera angachuluke. Ndipo wolankhulayo sapitiriza mpaka womvera aliyense, ngakhale agogo olemera makutu amene akhala kumapeto kwa mphasa, atavomera kuti amva. Mwa mawaya 16 onyamula zizindikiro, 8 amanyamula uthenga weniweniwo, 5 ndi oyendetsera bwalo, ndipo 3 otsalawo ntchito yawo ndi kuvomerezana kumeneku: wina amanena kuti omvera sanakonzeke, wina kuti uthenga waikidwa pa mawaya, wina kuti sunalandiridwe. N'chifukwa chake chida chimodzi chochedwa chimachedwetsa onse, ndipo n'chifukwa chomwecho uthenga sutayika panjira. Malamulo ake ndi ochepa: zida zisapose 15 kuwerengera ndi kompyuta yomwe, zingwe zonse pamodzi zisatalike kuposa mamita 20, ndipo chida chilichonse chikhale ndi adilesi yakeyake, kuyambira 0 mpaka 30. Multimeter yotchuka ija ya HP 34401A imachokera kufakitale ili pa adilesi 22. Mukabweretsa ziwiri pa chingwe chimodzi osasintha ina, zonse ziziyankha pamodzi, ndipo mudzataya tsiku mukutukwana chingwe chosalakwa.

Za njira zinazo sinditaya nthawi. Pa RS-232 onetsetsani kuti liwiro ndi kaikidwe ka mabiti n'kofanana mbali zonse ziwiri, ndipo dziwani ngati chida chanu chikufuna chingwe chopingasa mapini 2 ndi 3 kapena cholunjika. Maonekedwe ake kunja ndi amodzi, choncho yezani ndi mita, mumatepo kapepala. Zida zatsopano zili ndi USB ndi soketi ya netiweki. Mapulogalamu a VISA amabisa kusiyana konseku, moti mizere imene mwalembera GPIB imagwiranso pa USB mukangosintha dzina la adilesi. LabVIEW, imene a National Instruments adatulutsa mu 1986, ndi yabwino koma imafuna ndalama. PyVISA ndi yaulere, ndipo kwa ife a matumba osaya ndiyo poyambira pabwino.

Kale kampani iliyonse inali ndi chilankhulo chake cholamulira zida. Mu 1987 IEEE 488.2 idabweretsa malamulo ochepa amene chida chilichonse chiyenera kumva, aja oyamba ndi kanyenyezi, ndipo mu 1990 kudabwera SCPI, imene idalinganiza ena onsewo. Mwa malamulo ambirimbiri amenewa pali angapo amene ndikufuna akhale m'magazi mwanu.

Moni wake ndi *IDN?. Chida chimayankha zinthu zinayi: kampani yopanga, mtundu wake, nambala yake, ndi mtundu wa pulogalamu ya m'kati mwake. Yankholo musangoliona n'kumwetulira kuti chingwe chikugwira. Lilembeni pamwamba pa fayilo iliyonse. Chaka chamawa, mita ina ikadzapezeka kuti inkanama, mudzafuna kudziwa kuti ndi malipoti ati amene adadutsa pa mita imeneyo, ndipo mutu wanu sudzakumbuka. Kenako *RST ndi *CLS, kuti chida chiiwale zimene adachisiya nazo amene adachigwira dzulo. Labu ndi ya anthu ambiri, ndipo mnzanu akachoka sakuuzani kuti wasiya chiyani chotsegula.

Koma lamulo limene ndabwerera pano ndi SYST:ERR?. Mvetsetsani bwino. Mukatumiza lamulo lolakwika, ngakhale chilembo chimodzi chokha, chida sichikubwezerani mawu pa chingwe. Chimalira kamodzi kuti pii, kanyali kakang'ono n'kuyaka pa sikirini yake, cholakwacho n'kuchiika pa mndandanda m'kati mwake, basi n'kupitiriza ndi zimene chinali nazo kale. Ngati m'chipindamo mulibe munthu, kulirako palibe wakumva. Kompyuta nayo imapitiriza ili phee, poti palibe waiuza kanthu. Cholakwacho chimatuluka pokhapokha mutachifunsa. Mukafunsa, chida chimati 0,"No error" ngati zonse zili bwino, -113 ngati sichidalimve lamulolo, -222 ngati nambala imene mwapempha yapitirira malire ake. Safunsa adadya phula.

Mnyamata wina amene ndinkagwira naye ntchito, wanzeru zake ndithu, adasiya batire likuyezedwa usiku ndi 34401A. Pulogalamu yake inalibe *RST, ndipo lamulo lokweza range kufika mavolti 100 adalilemba mophonya chilembo. Mitayo idakhalabe pa range ya mavolti 10 pamene wina adaisiya, ndipo range imeneyo imalekera pa mavolti 12. Batire lodzaza limayambira pamwamba pa 12. Kutacha, mizere yonse yoyambirira ya fayilo inali ndi nambala imodzimodzi, +9.90000000E+37, kutsika nayo tsamba ndi tsamba, kenako mwadzidzidzi 11.99, 11.99, 11.98. Nambala yoopsayo si muyezo ayi. Ndi mmene zida za SCPI zimanenera kuti chimene mwandipatsachi chandipitirira. Mnyamata uja ataona kuti ikumuonongera graph, adangofufuta mizereyo kuti zioneke bwino, n'kuwerengera maola otsalawo. Batire labwinobwino lidaoneka ngati lotha, ndipo likadabwezedwa kwa wogulitsa. Titafunsa mitayo SYST:ERR?, -113 inali ikudikirabe pamenepo kuyambira dzulo lake. Kuphonya chilembo aliyense amaphonya. Chimene ndidamukalipira ndi kufufutako. Nambala yachilendo ndiye mboni yokhayo imene idaona zimene zidachitika usiku, ndipo iye adaithamangitsa asanaifunse.

Choncho funsani SYST:ERR? mukangomaliza kukonzekeretsa chida, funsaninso pomaliza, ndipo pulogalamu iime ngati yankho si 0. Iphunzitseninso kuzindikira 9.9E37, iziika chizindikiro pambali pake, osaiponya m'masamu.

Pali chizolowezi china chimene ndimachiona m'mapulogalamu anu: mwatumiza lamulo, kenako mwalemba kuti kompyuta igone masekondi awiri, poganiza kuti pofika pamenepo chida chikhala chitamaliza. Lero chimalizadi, mawa mwasintha kaikidwe kena, chikufuna masekondi atatu, ndipo mwawerenga nambala yakale. Chifunseni chokha ndi *OPC?; chimayankha 1 chikamaliza zimene mudachituma. Komabe dziwani kuti chida kumaliza lamulo sindiye kuti dera limene mukuyezalo lakhazikika. Capacitor imafuna nthawi yake, resistor imasintha ikamatentha, ndipo mitayo payokha imafuna kuyaka kaye kanthawi isanafike pa ubwino umene udalembedwa m'buku lake. Zimenezo kompyuta sizidziwa, muzidziwa ndinu.

Kuthamanga sikufika, ndipo pa multimeter mawu amenewa ali ndi masamu ake. Magetsi athu ndi a mavolti 230, ogwedezeka ka 50 pa sekondi, ndipo kugwedezeka kumeneku kumalowerera m'mawaya anu oyezera ngakhale musakufuna. Mita yabwino imakuthetsa poyeza kwa nthawi yokwana ndendende kugwedezeka kumodzi, kapena khumi, kuti chokwera ndi chotsika zidyane. Ndiyo NPLC imene mumaiona m'buku. Kwathu kuno kugwedezeka kumodzi ndi mamilisekondi 20, khumi ndi 200, kotero pa NPLC 10 musayembekezere manambala oposa 5 pa sekondi. Mukaitsitsa kufika pansi pa 1 kuti fayilo idzaze msanga, mudzapeza manambala ambiri, koma malekezero ake akuvina. Chenjeraninso ndi mapulogalamu otola pa intaneti. Ena adalembedwa ku America, kumene magetsi amagwedezeka ka 60, ndipo ngati wolembayo adaika nthawi yoyezera m'masekondi, nthawiyo ndi ya kwawo. Mukamayendera jenereta, yezani kaye ngati ikuperekadi 50.

Oscilloscope ili ndi misampha yakeyake. Mukaipempha chithunzi cha pa sikirini monga manambala, kawirikawiri siitumiza mavolti. Imatumiza mabayiti, lililonse pakati pa 0 ndi 255, ndipo kutsogolo kwake kumakhala chizindikiro cha # ndi manambala onena kuti mabayitiwo alipo angati. Kuti asanduke mavolti muyenera kuifunsa padera manambala ochulukitsira ndi ochotsera, ndipo muzifunsa nthawi iliyonse, chifukwa munthu akangopotokola batani limodzi asintha. Onaninso ngati probe yanu ili pa 10X pamene chida chikuganiza kuti ili pa 1X. Cholakwa chimenechi n'chakale kuposa makompyuta, koma kompyuta imachikopera maulendo chikwi mosatopa. Ndipo pali kamsampha kena kobisika: bayiti ya nambala 10 ndiyonso chizindikiro cha kutha kwa mzere. Pulogalamu yowerenga ngati ikuwerenga mawu imaima ikangokumana ndi 10 woyamba, n'kukupatsani chidutswa chabe, zotsalazo n'kudzasakanikira m'yankho la funso lotsatira. Werengani kuchuluka kumene chida chalonjeza, muone ngati n'kumene kwafika.

Tsopano fayilo. Magetsi a kwathu kuno mukuwadziwa, ndipo nyengo ya mvula ziphaliwali zimawonjezera. Pulogalamu yosunga manambala onse m'mutu mwa kompyuta kuti idzalembe pamapeto ikutchova juga ndi usiku wanu wonse. Nambala iliyonse ilembedwe m'fayilo nthawi yomweyo, pamodzi ndi nthawi imene yawerengedwa, chaka kutsogolo, kenako mwezi, kenako tsiku, kuti 03 ndi 04 zisadzakanganitse anthu. Laputopu ili ndi batire lake, koma chida chilibe. Magetsi akabwerera chimadzuka chitaiwala zimene mudachiuza, ndipo pulogalamu yanu iyenera kuzindikira zimenezo. UPS yaing'ono ndi yotsika mtengo kuposa kubwereza ntchito ya maola 20.

Pamwamba pa fayilo lembani chimene chikuyezedwa, yankho la *IDN?, range, kutentha kwa m'chipinda, dzina lanu, ndiponso ngati manambalawo ndi mavolti kapena mamilivolti. Fayilo yoyambayo, yaiwisiyo, musaikhudzenso. Ikopereni pena, masamu muzichitira pa kopeyo. Inu amene mudzagwire ntchito ku Johannesburg kapena ku Tete, dziwani kuti makompyuta ambiri kumeneko amalemba 12,5 pamene ife timalemba 12.5, ndipo fayilo yolekanitsa manambala ndi ma comma imasokonekera pamenepo popanda chenjezo.

Musadalirenso Excel ndi maso otseka. Mtundu wake wakale wa XLS umalekera pa mizere 65,536. Mu October 2020, bungwe la Public Health England lidapeza kuti anthu pafupifupi 16,000 opezeka ndi Covid-19 sadalowe m'chiwerengero pa nthawi yake, chifukwa zotsatira zochokera m'malabu zinkadutsa m'mafayilo a mtundu umenewu, ndipo mizere yopitirira malire inkangogwa. Werengani nokha za batire lathu lija: nambala imodzi pa sekondi kwa maola 20 ndi mizere 72,000. Imene ingagwe ndi ya kumapeto, pamene batire limagwada, ndipo gawo limenelo ndilo mudagonera kunja. Muyezo wa ISO/IEC 17025, umene malabu ovomerezeka amatsata, umafuna kuti masamu ndi kasamutsidwe ka manambala ziziunikidwa mwadongosolo. Musadikire woyendera kuti akukumbutseni. Ndipo mita yolumikizidwa ku kompyuta imafunabe kupita kukayesedwa pa nthawi yake, kaya ku Malawi Bureau of Standards kapena ku labu ina yovomerezeka. Manambala asanu ndi limodzi a pa sikirini sachiritsa mita yosokera.

Zimene ndanenazi zikalakwika mumataya nthawi ndi mbiri. Zotsalazi zikalakwika timanyamula maliro. Kachingwe kakuda kopanira ka pa probe ya oscilloscope n'kolumikizana ndi thupi la chidacho, thupilo n'lolumikizana ndi phini lachitatu la pulagi, la earth, ndipo mukalowetsa USB, laputopu yanu nayo yalowa m'banja lomwelo. Mukapanira kachingweko kumbali ya magetsi a m'khoma ya chaja kapena power supply, kumene kumakhala mavolti pafupifupi 325, moto umathamangira ku earth, probe n'kupsa, mwina ndi soketi ya laputopu yomwe. Ena pothawa zimenezi amathyola phini la earth. Musadzachite zimenezo, ndipo mukaona mnzanu akuchita, mulandeni pulayala. Phinilo likachoka, thupi la oscilloscope ndi chitsulo chilichonse cholumikizana nalo zimanyamula mavolti aja, kudikira dzanja. Njira yake ndi probe ya differential yopangidwira mavolti otere. Ngati palibe, ntchitoyo idikire.

Kulamulira chida muli kutali kuli ndi ngozi ina imene ife akale tinalibe. Ife poyatsa power supply tinkaona amene waima pafupi. Inu mukhoza kuyatsa muli m'ofesi ina, ngakhale muli kunyumba pa foni, pamene mnzanu walowetsa zala m'dera lomwelo poganiza kuti n'lozima. Musayatse chimene simukuchiona popanda kugwirizana ndi amene ali pamalopo. Pa benchi pakhale chikwangwani chonena kuti zidazi zikulamulidwa ndi kompyuta, ndiponso switch yozimitsira ndi dzanja imene pulogalamu singaikanize. Malire a mavolti ndi ma amp aikidwe m'chida mwenimwenimo. Pulogalamu ikafa pakati pa usiku, chida chokoka moto chimapitiriza kukoka monga chidauzidwira. Batire la asidi limaonongeka, ndipo la lithiamu, makamaka polichaja, likhoza kuyatsa nyumba. Pulogalamu yanu ikhale yoti kaya yamaliza bwino kaya yagwa, mawu ake omaliza kwa chida akhale ozimitsa.

Ndipo chida cha pa netiweki musachitsegulire khomo la ku intaneti. Zambiri zimamvera malamulo pa port 5025 popanda kufunsa pasiwedi. Aliyense wofika pamenepo ndi bwana wake. Ngati mukufunadi kuchifikira muli kutali, dutsirani pa VPN, kapena pa kompyuta imodzi yotetezedwa bwino imene ili m'labumo.

Ana anga, mawa mukafika kuntchito tsegulani pulogalamu imene mumaidalira kwambiri ija. Fufuzani ngati muli *RST, ngati muli SYST:ERR?, ngati ikulemba nambala iliyonse nthawi yomweyo, ndiponso ngati imazimitsa zida ikagwa. Chimene chikusowa chiikeni musanayeze china chilichonse, ndipo mnzanu wa pa benchi yoyandikana nanu mumuonetse.